Luso Logawa Nkhani Yaitali M'timauthenga pa Masamba a Mchezo

Pa masamba a mchezo a pa intaneti pali kalembedwe kamene munthu amatenga nkhani yaitali n'kuigawa m'timauthenga tifupitifupi, kalikonse kolumikizidwa ku kanzake, wowerenga n'kumatsika nato ndi chala pa foni mpaka kumapeto. Mndandanda wotere umadziwika ndi dzina loti thread. Anthu amaugwiritsa ntchito pofotokoza zimene anaona ndi maso, pophunzitsa, potsutsa mfundo za anzawo, ngakhalenso polemba nkhani zopeka. Ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi yongotenga zolemba zotha kale n'kuzidula molingana ndi malo amene kampani yalola. Nkhani yodulidwa mwa njira imeneyo siwerengeka bwino, ndipo nthawi zina imafika ponama. Kugawa nkhani m'timagawo n'kuilembanso, ndipo luso lake lonse lagona pa kudziwa pamene ganizo lathera ndi pamene lina likuyambira.

Kalembedweka kanabadwa chifukwa cha kuchepa kwa malo. Twitter itayamba mu 2006, mauthenga ake ankayendanso pa SMS, imene imanyamula zilembo 160 zokha. Eni ake anasiya malo a zilembo 20 kuti mukhale dzina la wotumiza, ndipo 140 zotsalazo zinakhala muyezo wa uthenga uliwonse, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zomwe. Amene anali ndi zambiri zonena anayamba kudziyankha okha, uthenga pansi pa uthenga, n'kumaika manambala 1/, 2/, 3/ kuti wowerenga asasochere. Cha m'ma 2014 Marc Andreessen, munthu wodziwika pa malonda a zamakompyuta ku America, anatchuka ndi kalembedwe kameneka, kamene panthawiyo kankatchedwa tweetstorm. Kampani ya Twitter inachita kutsatira pambuyo zimene anthu anali atayamba kale okha. Mu Novembala 2017 inakweza malire kufika pa zilembo 280, itapeza kuti mauthenga 9 mwa 100 alionse a m'Chingerezi ankafika pa malire akalewo, pamene a m'Chijapani, chimene chimanena zambiri ndi zilembo zochepa, sankakwana n'komwe umodzi mwa 100. Mwezi wotsatira inaika batani lolembera mauthenga angapo olumikizana n'kuwatumiza pamodzi.

Lero malire ndi osiyanasiyana. Bluesky imalola zilembo 300, Threads ya kampani ya Meta, imene inayamba mu 2023, imalola 500, ndipo Mastodon nayonso kawirikawiri ndi 500. Pa X, dzina limene Twitter inapatsidwa mu 2023, olipira akhoza kulemba zilembo masauzande ambiri mu uthenga umodzi. Komabe thread sinafe ayi. Uthenga wautali umaoneka pa foni ngati chimulu cha mawu chopanda popumira, ndipo gawo lake lalikulu limabisidwa mpaka munthu atadina kuti aone zotsala. M'thread kagawo kalikonse kali ndi moyo wakewake: kakhoza kuyankhidwa pakokha, kukondedwa pakokha, kapena kutumizidwa kwina pakokha.

Ufulu umenewu ndi umene umabweretsa vuto lalikulu la wolemba. Wowerenga buku amakhala atasankha yekha kulitsegula, ndipo amadziwa kuti tsamba 40 likutsatira tsamba 39. Wowerenga wa pa foni amakumana ndi uthenga woyamba wa thread uli pakati pa zigoli za mpira, uthenga wa maliro, malonda a nsapato ndi nthabwala za anzake. Mwinanso sakumana ndi woyambawo n'komwe, koma wachisanu ndi chiwiri, umene wina wautenga n'kuuika pa tsamba lake, kapena waujambula n'kuuponya m'gulu la WhatsApp. Motero kagawo kalikonse kali ndi ntchito ziwiri zimene zimakokana. Kayenera kukhala kokwanira kuti amene wakaona kokha amve zoona, komanso kayenera kusiya njala yoti munthu atsikire ku kotsatira. Kagawo kokwanira mopitirira kamatseka nkhani, wowerenga n'kukhuta n'kuchoka. Kagawo kongosiya njala kopanda chonena kamasanduka nyambo chabe.

Uthenga woyamba ndi umene umasenza katundu wolemera. Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi thread ya mauthenga 148 imene Aziah King, wodziwika kuti Zola, analemba mu Okutobala 2015, yofotokoza ulendo woopsa wochoka ku Detroit kupita ku Florida ndi mayi wina amene anali atangodziwana naye. Uthenga wake woyamba unafunsa owerenga ngati akufuna kumva mmene awiriwo anadanirana, n'kuwachenjeza kuti nkhaniyo ndi yaitali koma yogwira mtima. M'mawu ochepawo munali anthu awiri, mkangano, lonjezo, komanso liwu la munthu weniweni wolankhula mmene amalankhulira kwawo. Mapeto anali ataululidwa kale, kuti ubwenzi unatha, ndipo chimene chinatsala n'kufuna kudziwa kuti zinayenda bwanji. Magazini ya Rolling Stone itafufuza, inalemba kuti Zola anali atayesapo kale kuika nkhaniyo n'kuichotsa chifukwa palibe amene anailabadira. Phata la nkhani linali lomwelo. Chimene anasintha ndi kafotokozedwe.

Pali chizolowezi china choipa chimene chafala pa uthenga woyamba, chongolonjeza zodabwitsa osatchula kanthu, monga kunena kuti zimene zikubwerazo zisintha moyo wa munthu kapena kuti palibe amene anazimvapo. Lonjezo lotere likhoza kumatidwa pa nkhani iliyonse, ndipo pachifukwa chomwecho silinena kalikonse za nkhani imene ili pansipo. Thread yophunzitsa kapena yopereka uthenga wofunika imachita bwino kunena mfundo yake yaikulu poyambirira penipeni, monga amachitira atolankhani, popeza owerenga amachepa pa kagawo kalikonse ndipo ofika kumapeto amakhala ochepa kuposa oyamba. Thread yosimba nkhani ndi imene ili ndi ufulu wobisako zina.

Pamene luso limaonekera kwambiri ndi pa malo odulira. Pali mapulogalamu amene munthu amaikamo nkhani yake yonse n'kumugawira okha, ena powerenga zilembo, ena pofunafuna mpumiro wapafupi. Makina amawerenga bwino, koma sadziwa kuti ndi mawu ati amene sangasiyane ndi anzawo. Mwachitsanzo, mlangizi wa zaulimi akhoza kulemba kuti: "Chimanga chitha kuthiridwa m'matumba n'kusokedwa tsiku lomwelo lotonola, pokhapokha ngati chauma mokwanira, apo ayi chimachita chuku." Malire a zilembo akagwera pambuyo pa mawu oti "lotonola", uthenga wina, tinene wachinayi, unena kuti chimanga chisokedwe tsiku lomwelo, ndipo chenjezo lonse lipita ku uthenga wachisanu. Amene waona wachinayi wokha walangizidwa zomuwonongera chakudya cha chaka chonse. Palibe liwu labodza limene lalembedwa, koma kudulako kwanama.

Wolemba waluso sasuntha chabe malo odulira. Amaphwasula chiganizocho n'kuchimanganso. Uthenga wachinayi umakhala wakuti: "Chimanga chosauma bwino chikasokeredwa m'thumba chimachita chuku. Musanasoke, onetsetsani kuti chauma." Wachisanu n'kukhala wakuti: "Chimanga chouma bwino chitha kusokedwa tsiku lomwelo lotonola." Chenjezo labwera kutsogolo, mawu oti "chimanga" abwerezedwa, ndipo uthenga uliwonse ndi woona ngakhale utayenda wokha. Apa pakuoneka lamulo limene limagwira pa nkhani ya mtundu uliwonse: mawu ngati "koma", "pokhapokha", "kupatula" ndi "mwina" asasiyane ndi mfundo imene akuichepetsa mphamvu. Ngati mfundo ndi chenjezo lake sizikukwana mu uthenga umodzi, ndiye kuti mfundoyo iyenera kufupikitsidwa, osati chenjezo kutayidwa kutsogolo.

M'nkhani yosimba, malo abwino odulira ndi pamene chochitika chimodzi chatha koma zotsatira zake zisanadziwike. Munthu wagogoda pakhomo, ndipo uthenga watha. Chitseko chitsegulidwa mu uthenga wotsatira. Kudula kotere n'kosiyana ndi kudula chiganizo pakati n'kuika timadontho titatu. Koyambako kumasiya funso m'nkhani, kwachiwiriko kumangosiya mawu m'malere. Komanso si uthenga uliwonse umene uyenera kutha ndi funso. Thread imene kagawo kalikonse kakuthera pa chiopsezo imatopetsa msanga, chifukwa wowerenga amazindikira kuti akukokedwa dala. Pamafunika timagawo tina todekha, tofotokoza malo kapena maonekedwe a munthu, ndi tina tatifupi kwambiri, ta mawu anayi kapena asanu, timene timagunda chifukwa tabwera pambuyo pa tatitali. Kudzaza uthenga uliwonse mpaka chilembo chomaliza n'chizindikiro chakuti wolembayo akumvera muyezo wa kampani m'malo momvera nkhani yake.

Wolemba m'Chichewa ali ndi zovuta zakezake, komanso zida zakezake. Mneni wa Chichewa amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani m'liwu limodzi, ndipo m'ndime wamba zimenezi zimapangitsa kuti nkhani iziyenda mopepuka popanda kubwereza mayina. M'thread ubwino womwewo umasanduka msampha. Uthenga umene ukuyamba ndi mawu akuti "Atachipeza, anachibisa pansi pa mphasa" sukunena amene anapeza kapena chimene chinapezedwa. Mgwirizano wa "chi" ukuloza ku dzina limene latsala mu uthenga wina, ndipo likhoza kukhala chikalata, chikwama kapena chipolopolo. Dzina liyenera kubwerera: "Mayi uja atapeza chikalatacho, anachibisa pansi pa mphasa." Zilembo zawonjezeka, koma timawu toti "uja" ndi "cho" tagwira ntchito ina yamtengo wapatali, youza mlendo amene wangolowera pakati kuti pamwambapo pali zimene zinanenedwa kale. Mofananamo, mndandanda wa aneni olumikizidwa ndi "n'ku", monga "anadzuka n'kusamba n'kuvala n'kunyamuka", suyenera kudulidwa pakati, chifukwa uthenga umene ukuyamba ndi "n'kunyamuka" ulibe mwini ndipo ulibe nthawi.

Chida chabwino koposa chimene chinenerochi chili nacho kale ndi kalumikizidwe ka osimba nkhani pakamwa, kobwereza mchira wa chiganizo chapita ngati mutu wa chotsatira. Uthenga wina ukatha ndi "Anakwera minibasi ya ku Limbe", wotsatira umayamba ndi "Atafika ku Limbe kuja, anapeza sitolo ili yotseka." Kubwereza kumeneku m'nkhani ya m'nyuzipepala kukhoza kuoneka kochulutsa mawu, koma m'thread kumamanga mlatho umene wowerenga wosokonezedwa ndi zina amawolokerapo pobwerera. Thread ndi mbale wake wa nthano. Wosimba nthano amayankhula m'timagawo, n'kumaima kuti omvera ayankhe kuti "Tilitonse", ndipo saima pakati pa liwu kapena pakati pa chochitika. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nthano omvera ali pomwepo, ndipo mayankho akayamba kuzirala wosimbayo amamva n'kufulumiza nkhani kapena kuyambitsa nyimbo. Wowerenga thread akatopa amangochoka mwakachetechete, ndiye wolemba ayenera kudziwiratu malo amene chidwi chingazirale asanatumize kalikonse.

Popeza mawu a Chichewa ndi aataliatali, zilembo 280 zimatha ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ambiri amapulumukira pa kumeza zilembo, "bwanji" n'kukhala "bwnj", kapena kulowetsa mawu a Chingerezi chifukwa choti ndi aafupi. Pocheza ndi mnzako zimenezi zilibe vuto. M'nkhani ya timagawo 20 zimalemetsa maso, ndipo zimabisa vuto lenileni, lakuti mu uthenga umodzi mwapanikizidwa maganizo awiri amene anayenera kupatsidwa malo awiri.

Za manambala n'zosavuta. Kulemba 3/12 kumauza munthu pamene ali ndi mtunda umene watsala, ndipo n'kothandiza pa thread yophunzitsa. Kulemba 3/ chabe kumasiya mapeto osadziwika, zimene zimayenera nkhani yolembedwa zinthu zili mkati mochitika. Manambala amadyanso malo, monganso adiresi ya tsamba la pa intaneti, imene pa X imawerengedwa ngati zilembo 23 kaya ndi yaitali bwanji. Chithunzi chimapumitsa maso ndipo chikhoza kukhala umboni, koma kujambula ndime yonse ya mawu n'kuiika ngati chithunzi pofuna kuzemba malire kumamana mwayi anthu osaona amene amadalira pulogalamu yowawerengera, komanso kumadya bando ya amene ali ndi mayunitsi ochepa.

Alembi a mabuku amene anayesa kalembedweka mwakhama anaonetsa kuti kamayenda bwino pamene kuduladulako kali ndi chifukwa m'kati mwa nkhani momwemo. Mu 2012 magazini ya The New Yorker inatulutsa pa Twitter nkhani ya Jennifer Egan yotchedwa Black Box, pang'onopang'ono kwa masiku 10, ola limodzi madzulo alionse. Egan sanalembe nkhani yaitali kenako n'kuidula. Anailemba pamanja m'kope la ku Japan limene tsamba lililonse linali ndi timabokosi, chiganizo chilichonse m'kabokosi kake. Nkhaniyo ndi ya mayi wochita ukazitape, ndipo yalembedwa ngati malangizo aafupiafupi amene iye akusunga m'maganizo ali pa ntchito yoopsayo, motero kufupika kwa ziganizo ndi mbali ya nkhaniyo. David Mitchell anachita zofanana mu 2014 ndi The Right Sort, nkhani ya mauthenga pafupifupi 280 yosimbidwa ndi mnyamata amene wamwa mapiritsi a mayi ake okhazika mtima pansi, kotero kuti dziko akuliona m'zidutswazidutswa. Nkhaniyo inakula n'kukhala chiyambi cha buku lake la Slade House la mu 2015.

Kutulutsa nkhani m'magawo si kwachilendo. Charles Dickens anatulutsa The Pickwick Papers mwezi ndi mwezi mu 1836 ndi 1837, ndipo omvera wailesi ku Malawi akudziwa bwino masewero opitirira amene amathera pokoma kuti munthu adzatcherenso khutu. Koma gawo la Dickens linali la masamba ambiri, ndipo wowerenga ankakhala nalo milungu inayi akulisinkhasinkha. Kagawo ka thread ndi ziganizo ziwiri, ndipo mpata wapakati ndi kuphethira kwa diso. Wolemba thread alibe malo omangira munthu wa m'nkhani pang'onopang'ono. Amadalira chinthu chimodzi chooneka bwino, monga nsapato yong'ambika kapena liwu limene munthuyo amakonda kunena, kuti wowerenga amuzindikire akatulukiranso.

Pali zinthu zimene kalembedweka sikatha kusenza, ndipo wolemba woona mtima ayenera kuzidziwa. Zochitika motsatana, njira yochitira chinthu, ndi umboni wa zimene munthu anaona zimakwana bwino m'timagawo chifukwa mwachibadwa zimabwera chimodzichimodzi. Mtsutso wozama, umene mfundo yachisanu imadalira yachiwiri ndipo yachisanu ndi chimodzi imachepetsa mphamvu ya yoyamba, umavulala. Kagawo kalikonse kamafuna kumveka kotsimikiza, ndipo timagawo takuthwa ndi timene timatumizidwa kutali, tokayikira n'kutsala. Mu Malichi 2012 mlembi Teju Cole, amene anakulira ku Nigeria, analemba mauthenga 7 odzudzula mtima wa azungu odziona ngati opulumutsa Africa, poyankha kanema wa Kony 2012. Mauthengawo anafala kwambiri chifukwa anali akuthwa, koma pofuna kufotokoza bwino zimene ankatanthauza ndi kuyankha omutsutsa, Cole analemba nkhani yaitali m'magazini ya The Atlantic. Choopsa china n'chakuti manambala otsatana amapereka chithunzi choti mfundo zikutsatana mwanzeru ngakhale pamene palibe cholumikiza. Zonena 30 zosagwirizana zikaikidwa manambala zimaoneka ngati umboni womangika, ndipo mphekesera zambiri zayenda mwa njira imeneyi. Nayonso njala yoti kagawo kalikonse kagwire mtima imakankhira wolemba ku kukokomeza. Zola mwiniwake anavomereza kuti anawonjezera zina m'nkhani yake kuti ikome.

Ku Malawi, kumene anthu ambiri ali pa Facebook ndi WhatsApp kuposa pa X, kugawa nkhani kumachitika mwa njira ina pang'ono. Malire a zilembo savuta kwenikweni, koma nkhani zimatulutsidwabe m'magawo, gawo loyamba lero, lachiwiri mawa, kapena zotsala n'kuikidwa m'munsi mwa ndemanga. Apa magawo salumikizana okha ngati pa X. Facebook ikhoza kuonetsa munthu gawo lachinayi asanaone lachitatu, ndipo m'gulu la WhatsApp mauthenga a anthu ena amalowerera pakati. N'chifukwa chake gawo lililonse limafunika mutu wa nkhani, nambala yake, ndi chiganizo chimodzi chokumbutsa pamene nkhani inalekezera.

Thread ikatumizidwa imavuta kukonza. Uthenga wapakati ukafufutidwa chifukwa cha cholakwa, unyolo umaduka, ndipo kukonza koikidwa kumapeto sikufika kwa amene anatumizirana kale kagawo kolakwikako. Pachifukwa ichi nkhani yonse imayenera kulembedwa pena kaye, kagawo kalikonse n'kuwerengedwa pakokha ngati kuti tinzake kulibe, kenako tonse n'kuwerengedwa motsatana mokweza mawu. Mapulogalamu ngati Thread Reader App amasonkhanitsa timagawo n'kutiika pa tsamba limodzi, ndipo pamenepo zimaonekera ngati panali nkhani yeniyeni kapena zonena zongoikidwa manambala. Kusunga zolembazo kwina n'kofunikanso chifukwa akaunti ikatsekedwa, kapena kampani ikasintha malamulo, thread imasowa pamodzi ndi mayankho ake. Zimene zakhalitsa ndi zimene zinasamutsidwira kwina: nkhani ya Egan inasindikizidwa m'magazini, ya Mitchell inalowa m'buku, ndipo ya Zola inakhala filimu imene Janicza Bravo anatsogolera, yotuluka mu 2021.